A Mwalwimba, Fundi Wosunga Zikwanje za Eni

Pamaliro a adada Mwalwimba panalankhulidwa mabodza ambiri, ndipo aakuluakulu anachokera kwa anthu a masuti. Woimira phungu wathu anati malemuwo anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Ndinachita kutseka pakamwa ndi chitenje. Ndakhala moyandikana nawo kuyambira pamene boma linanditumiza kudzagwira unamwino kuno kumwera kwa Karonga, ndipo sindikudziwa munthu wa m'dera lino amene sanakanganepo nawo. Anakangana ndi abusa pa nkhani ya belu losweka, anakangana ndi alangizi a ulimi, anakangana ndi ana awo obereka okha. Ine ndiye tinkayambana ngati akazi a mitala. Ndikulemba izi kuti mabodza aja asatsale okha, komanso chifukwa chiwaikireni m'manda mtima wanga sukukhala pansi.

Anali wosula ndi kunola zitsulo, kuno amati fundi. Chisakasa chawo chili pamphambano pomwe msewu wochokera ku tala umagawikana, wina kulowera kumtunda kwa sikimu ya mpunga, wina kumunsi. M'menemo munali mvukuto wa chikopa cha mbuzi, chidutswa cha injini ya thirakitala chomenyerapo chitsulo, ndi mwala wonolera umene anaulumikiza ku tcheni cha njinga yakale. Ankapalasa njingayo tsiku lonse osasuntha, n'kumadzitama kuti m'Karonga monse ndi iwo okha amene anafika ku Joni n'kubwerako asanachoke pakhomo. Dzanja lawo lamanzere linalibe cheya ndi chimodzi chomwe, chifukwa ndi pomwe ankayesera kuthwa kwa chilichonse chimene anola. Chakudya chawo chinali nthochi zophika ndi chambiko. Mawu oti zikomo sindinawamvepo m'kamwa mwawo, m'chilankhulo chilichonse.

Ine ankanditcha a Nesi a ku Ntcheu, ngati kuti kuchipatalako aliponso a Nesi ena oti angasokoneze nawo. Ndikamadutsa m'mawa ankaimitsa njinga n'kufuula kuti: "A Nesi, monire! Ine nkhunola, imwe mukusoka. Kampani yimoza iyi!" Nthabwala imeneyi sinkandisangalatsa. Ndasokapo mabala a chikwanje, ndipo si chinthu choseketsa. Panapita nthawi yaitali ndisanazindikire kuti iwonso sankaseka.

Kalendala analibe nayo ntchito. Ankati chaka chimalowa chokha m'chisakasa mwawo. Makasu ndi mapulawo akayamba kubwera ndiye kuti mvula yayandikira. Zisikilo zikachuluka ndiye kuti mpunga wacha. Nkhwangwa ndi za nthawi yozizira, mipeni ndi ya maukwati ndi Khirisimasi. Chikwanje nachonso chili ndi nyengo yake, yaifupi, yolambula ngalande ndi kudula nsungwi. Chikabwera pa nthawi ina, iwo ankati chimenecho sichinabwere chifukwa cha udzu.

Munthu wobwera kumene sangaone kuti dera lino ndi logawikana. Timapemphera m'matchalitchi omwewo, ana amaphunzira pa sukulu imodzi, mpunga ndi kilombero yemweyo. Koma sikimu itatsegulidwa kalekale, eni dera anatenga mapuloti a kumtunda, komwe madzi amayambira. Obwera, monga a Mwalwimba amene anachokera cha ku Songwe madzi atawakokolera mudzi, anapatsidwa a kumunsi, komwe madzi amafika atatopa. Nthawi ya dzinja palibe vuto. Koma chilimwe mtsinje ukaphwa, a kumunsi amayang'ana kumtunda, a kumtunda n'kumayang'ana kumbali. Andale ataona mng'alu umenewu analowetsamo chala. Chisankho chilichonse kumtunda amakhala ndi munthu wawo, kumunsi wawo, ndipo obwera akadali obwera ngakhale agogo awo anaikidwa konkuno.

Tsono a Mwalwimba anali ndi lamulo lawo, lodziwika kumtunda ndi kumunsi komwe. Mwamuna akabwera ndi chikwanje nthawi yosakhala yake, ankalandira, n'kuchinola bwinobwino, chifukwa ntchito ndi ntchito. Akatero ankachipaka oyilo n'kuchipachika pamsomali pansi pa denga. Mwini wake sankapatsidwanso. Chikwanjecho chinkatuluka m'chisakasa pokhapokha akabwera mkazi wake kapena mayi wake, ndipo mayiyo ankafunsidwa funso limodzi: kodi kunyumbako kuli choti chidulidwe? Akati ee, nthochi zagwa kapena tikumanga khola, ankapatsidwa. Akati ayi, kapena akangoyang'ana pansi, chikwanje chinkagona pomwepo.

Poyamba ndinkati izi ndi zamasewera. Ndinawauza kuti munthu wofuna kutema mnzake akhoza kunolera pamwala wa kumtsinje, kapena kukwera minibasi n'kukagula chatsopano ku boma. Anandiyang'ana ngati ndalankhula zachibwana, n'kundifunsa ngati ndimaganiza kuti amuna amene amabwera ndi zikwanjezo sadziwa lamulolo. Amalidziwa, n'chifukwa chake amabwera. Anati amuna ambiri safuna kupha munthu, chimene amaopa ndi kutchedwa amantha. Anzake akamati tiyeni tikawaonetse, munthu amasowa pothawira. Koma akati changa chili kwa a Mwalwimba ndipo mkazi wanga akukana kukatenga, anzake amamuseka pang'ono basi, iye n'kugona kunyumba kwake. Wokagula china ndiye kuti walengeza yekha zimene zili mumtima mwake, ndipo mudzi wonse umayamba kumuyang'ana.

Kenako kunabwera nkhani ya ndalama za chitukuko. Chipani cholamula chinaperewera aphungu ku nyumba ya malamulo, ndiye phungu wathu ndi anzake angapo anagwirizana nacho kuti azivotera boma. Malipiro ake anali chitukuko m'madera mwawo. Kwa ife analonjeza kuwaka ngalande ndi simenti, kumanga mlatho, ndi kuwonjezera chipinda cha amayi oyembekezera kuchipatala kwathu. Wailesi ya a Mwalwimba, imene inkalendewera pa nsanamira, inatentha masiku amenewo. Woimba foni wina wa kumwera ankati misonkho timakhoma tonse, nanga ife tinalakwanji kuti mavoti a anzathu akhale ndi mtengo? Wina wa kumpoto kuno n'kuyankha kuti mwadya nokha chilandirireni ufulu, lero tangonyambita supuni mwayamba kale kulira. Ngakhale mchemwali wanga ku Ntcheu anandiimbira mokalipa, ngati ndalamazo zikudzera m'thumba mwanga.

Pachisakasa paja ndi pomwe maganizo onse ankathera, chifukwa aliyense amadutsa pamphambano. Mphunzitsi wina wopuma, a Gondwe, ankati phungu wagulitsa voti yathu ngati tomato wa pamsewu, ndipo wogulidwa lero adzagulitsidwa mawa. Amayi ogula mpunga ankawayankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ulemu sungauike m'thumba. Anyamata a kabaza ankangofuna mlatho. Ine ndinali ndi mitima iwiri. Ndinkadziwa kuti njira yake si yowongoka, koma ndabereketsapo amayi pakhonde chifukwa chosowa bedi, ndipo chipinda chija ndinkachifuna ndi mtima wonse.

A Mwalwimba anakangana ndi mbali zonse, monga mwa nthawi zonse. Anafunsa a Gondwe ngati anaonapo mzimayi akubereka m'ngolo chifukwa mtsinje wadzadza, n'kuwauza kuti kukana chakudya n'kosavuta kwa munthu wa penshoni. Koma amene ankavinira ndalamazo nawonso anawathira madzi ozizira. Ankati ndalama za chitukuko zenizeni zili ngati mvula, sizifunsa kuti denga ili ndi la yani. Izi si zotero. Izi ndi zothokoza, ndipo chothokoza chimadziwa khomo limene chikupita. Phunguyo anavoteredwa ndi a kumtunda, a kumunsi anavotera wina amene anagwa. Ankanenanso kuti umphawi wathu unali wofanana msinkhu, n'chifukwa chake anthu anasiya kusuzumira m'mbale ya mnzawo, koma tsopano ayambiranso. Nditawauza kuti iwo amangoona zoipa zokhazokha, anati walira mvula walira matope, ndipo ine ndiyambe kusunga ulusi wosokera.

Chiyambi cha lamulo lawo lija sananditchulirepo. Ndinachimva kwa mwana wawo wamkazi, Tumpale. Chaka china cha chisankho, ine ndisanabwere, zikwanje zinachuluka m'chisakasa mwezi wosayenera. A Mwalwimba anasangalala kuti bizinesi yayenda, ananola zonse n'kubweza. Posakhalitsa nyumba zinayaka kumunsi, nkhokwe zinayaka kumtunda, ndipo mnyamata wina anapezeka m'ngalande atafa. Apolisi atatola chikwanje pafupi ndi mtembowo anabwera nacho kwa fundi kuti anene mwini wake. Iwo anati sakumudziwa, ndipo mwina zinali zoona. Koma kanoledwe kake anakadziwa. Tumpale akuti bambo ake anatseka chisakasa mpaka mpunga unacha, anthu n'kumakolola ndi zisikilo zobuntha. Atatsegulanso, m'denga munali mutakhomedwa misomali.

Ukwati wa Tumpale unachitika pambuyo pa zimenezo. Anakwatiwa ndi Gomezgani, mnyamata wa kumtunda, wofatsa ngati ng'ombe ya pangolo. Achibale a kumunsi anakwiya, koma a Mwalwimba analandira malowolo n'kunena kuti amene sakufuna asabwere, nyama ichuluke. Mwana wawo wamwamuna, Lusekelo, nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku mgodi wa Kayelekera. Mgodi utatsekedwa anabwerera ku puloti ya bambo ake kumunsi, ali ndi nsapato za chitsulo kutsogolo ndi mkwiyo umene sunadziwe kolowera. Iye ndi mlamu wake ankapatsana moni, osapitirira apo.

Miyezi ingapo yapitayo kontirakitala anafika ndi malole ake. Pamsonkhano wa pasukulu ndi pomwe zinadziwika kuti simenti ya gawo loyamba ithera pamalire enieni a kumtunda ndi kumunsi. Gawo lachiwiri, anatero, lidzabwera ndalama zina zikadzapezeka. Pamalirepo adzaikapo geti lachitsulo lokhala ndi loko, loti madzi azitsekedwa ndi kutsegulidwa mwa dongosolo. Kale pamalopo pankangoikidwa matabwa ndi matumba a mchenga, zimene aliyense akanatha kusuntha madzi akachedwa. Kiyi wa loko anaperekedwa kwa komiti, ndipo komitiyo, yodzadza ndi anthu a phungu, inasankha Gomezgani kuti azimusunga. Anati asankha iye chifukwa anakwatira kumunsi, ndiye onse amukhulupirira. Aliyense amene anaganiza zimenezi sadziwa anthu.

Sabata yomweyo zikwanje zinayamba kubwera. Unali mwezi wotentha, wopanda udzu woti munthu n'kulambula. Ankabwera amuna a kumunsi, ena a kumtunda, akulu ndi anyamata, aliyense atakulunga chake m'thumba la feteleza. Sankakhalitsa pachisakasa monga kale. Wailesi inkalankhula yokha. A Mwalwimba ankangopalasa njinga yawo, moto ukuthetheka pamwala, mzere wa pansi pa denga n'kumatalika. Tsiku lina ndinawapeza akukhoma misomali yatsopano, ndipo nthabwala ya kampani ija sanainene.

Lusekelo anabwera masana ena dzuwa lili paliwombo, anthu ali pomwepo. Iye sanabwere kudzasiya chikwanje chake. Ankaganiza kuti pokhala mwana wa mwini chisakasa akhoza kukwera njinga ija n'kudzinolera yekha. Bambo ake anamusiya kuti amalize, n'kupempha kuti aone ngati wanola bwino. Anachiyesa padzanja, anagwedeza mutu, anachipaka oyilo, n'kuchipachika. Anayamba kukangana m'Chinkhonde, kenako Lusekelo anatembenukira ku Chichewa kuti tonse timve.

"Adada, ndipatseni chikwanje changa. Ine si kasitomala wanu."

"Aliyense wolowa muno ndi kasitomala. Tuma mkazi."

"Mukudziwa kuti mkazi wanga sangaime pamaso panu. Amama ali kumanda. Ndiye nditume ndani?"

"Mlongo wako alipo."

"Tumpale? Mkazi wa munthu wa kiyi?" Lusekelo anaseka kuseka koipa. "Mpunga wanu womwe ukauma, adada, mudzadya misomali imeneyi."

A Mwalwimba anakwera njinga n'kuyamba kupalasa, ngakhale pamwala panalibe chonola.

Zimene ananena Lusekelo za mkazi wake zinali zoona. Kwa Ankhonde, mkazi wa mwana wako wamwamuna, amene kuno amati mkamwana, sayenera kuonana ndi apongozi ake aamuna. Salowa m'nyumba imene alimo, salankhula nawo, ngakhale dzina lawo salitchula. Mabanja ambiri anasiya zimenezi, koma a Mwalwimba anazigwira ngati Baibulo. Mkazi wa Lusekelo, Subilaga, akawaona patali ankapatukira m'nthochi n'kufunda chitenje kumutu mpaka adutse. Pamphambano ankazungulira kuseri. Zaka zonse za ukwati wake, iwo sanaonepo nkhope yake, ndipo ankanyadira kuti ali ndi mkamwana wodziwa mwambo.

M'mawa mwake kunabwera Gomezgani. Anagwada pakhomo pa chisakasa monga amachitira mkamwini, n'kupereka chikwanje chake ndi manja awiri. "Adada, nane nasiya chane," anatero. "Anyamata a kwathu akuti ndiziyenda nacho popita ku geti. Kiyiyu sindinamupemphe ine, anangondipatsa. Nikukana uli, ndikane bwanji?" A Mwalwimba analandira chikwanjecho. Anachinola, n'kuchipachika pamsomali wa kumapeto, moyandikana ndi cha Lusekelo. Atatero anaitanitsa Tumpale.

Ndinalipo pamene anafika, ali ndi mwana kumsana. Bambo ake anamulozera zikwanje ziwirizo n'kumuuza kuti m'dera lonse lino ndi iye yekha amene angazitulutse: ichi monga mkazi wa mwini, icho monga mlongo woimira mayi ake. Akhoza kutenga chimodzi, zonse, kapena kusiya. Kenako anamufunsa funso lija, ngati akufunsa mlendo, kuti kodi kunyumbako kuli choti chidulidwe. Tumpale anayang'ana m'denga nthawi yaitali. "Palije, adada," anatero. "Kwa amuna anga kulibe, kwa alongo anga kulibenso." Anatembenuka n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo Lusekelo anasiya kumulankhula, ndipo azilamu ake a kumtunda anayamba kumutcha kazitape. A Mwalwimba anadya nthochi zawo madzulo amenewo ngati munthu amene wamaliza kufolera nyumba mvula isanagwe.

Koma denga lawolo linali ndi podontha, ndipo ine ndinkapadziwa. Nzeru yawo yonse inatsamira pa chikhulupiriro choti akazi safuna nkhondo. Akazi ambiri n'zoona saifuna. Koma Subilaga ine ndimamudziwa, amabwera kusikelo ndi ana ake. Nyumba imodzi mwa zimene zinayaka chaka chija inali ya makolo ake, iye ali kamtsikana. Chilimwe chatha puloti yawo inauma mpunga uli ndi pakati, pamene kumtunda madzi ankasefukira mumsewu, ndipo mwana wake wamng'ono mpaka lero ndimamupatsa chiponde. Tsiku lina ndikumuyeza mwanayo anandiuza, mosakweza mawu, kuti: "A Nesi, amuna a kumunsi ndi akazi ovala mathalauza. Akubisala kuseri kwa nkhalamba. Funso lija akanakhala kuti amandifunsa ine, bwenzi nditayankha kalekale." Ndinachita mantha, chifukwa sankalankhula ngati munthu wopsa mtima. Ankalankhula ngati munthu amene anamaliza kuganiza.

Ndinapita kukawauza a Mwalwimba, ndipo umenewo ndiwo unali mkangano wathu womaliza. Ndinati mumafunsa akazi a eni ake a dera lonse, koma wa pakhomo panu munamufunsapo? Nditangoyamba kunena zimene Subilaga ananena, anakweza dzanja kundiletsa. Anati mawu a mkamwana sayenera kulowa m'khutu mwawo, kaya mwachindunji kaya kudzera mwa a Nesi a ku Ntcheu amene kwawo mkamwini amadyera mbale imodzi ndi apongozi. Ndinakwiya. Ndinawauza kuti mwambo umene ukukutsekani makutu nyumba ikufuka utsi si mwambo koma kugontha. Anati ndichoke, ndipo mpeni wanga ndizikanolera ku Ntcheu. Ndinachokadi, ndikutukwana chamumtima. Munthu amene ankamva mtima wa dera lonse poyang'ana chitsulo sanafune kumva mtima wa munthu amene ankawaphikira chakudya n'kutumiza ndi mwana.

Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ankawakana kuyambira kale. Ankati munthu wopalasa njinga tsiku lonse sangadwale matenda a mabwana. Anagwa m'mawa wina ali panjinga pomwepo, khasu la munthu lili m'manja. Pamene ankafika nawo kuchipatala anali atapita kale. Ndinawatseka maso ndine, tisanagwirizane, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Pamaliro anthu anabwera ochuluka, koma a kumtunda anakhala mbali yawo, a kumunsi mbali yawo, bokosi lotumizidwa ndi phungu lili pakati. Woimira phunguyo atamaliza zonama zake analengeza kuti geti latha, ndipo liyamba kugwira ntchito madzi akangochepa. Kumtunda anawomba m'manja, pamaliro. Kumunsi kunali zii.

Mwambo wosesa pakhomo utangotha, Subilaga anatuluka m'nyumba mwake dzuwa likuswa mtengo. Sanazungulire kuseri. Anadutsa pamphambano mutu uli poyera, n'kulowa m'chisakasa chimene anali asanapondemo chikwatiwireni. Mwambo unali utapita ndi mwini wake, panalibenso womuthawa. Anaima pakati n'kuyang'ana njinga, mvukuto, mwala, zinthu zimene ankangomva phokoso lake. Kenako anakwera pachidutswa cha injini chija, anatsitsa chikwanje cha mwamuna wake, n'kutuluka nacho osachikulunga. Palibe anamufunsa ngati kunyumba kuli choti chidulidwe. Ine ndinali pomwepo.

Ena anatsatira. Akazi ena ankabwera akulira, atatumidwa ndi amuna awo, chifukwa panalibenso nkhalamba yoti n'kuinamizira. Patangopita masiku ochepa amuna anayamba kudzitengera okha. A Gondwe anayesa kukhala pakhomo kuti azifunsa funso lija, koma mnyamata wina anangowalambalala ngati chitsa. Pawailesi nkhani ya ndalama zathu inatha kale, akukangana zina.

Dzulo ndinadutsa pamphambano. Mtsinje waphwa, ngalande yatsopano ikuwala kumtunda, ndipo a komiti alengeza kuti geti alitseka koyamba tsiku la msika likadutsa. Chisakasa chikadali chilili. Tcheni cha njinga chayamba dzimbiri, nkhuku zaikira mazira mumvukuto, ndipo pansi pakadali phulusa la makala awo omaliza. Pamene anthu ankakhala n'kumakangana pamera kale chisoso. Ndinalowa n'kuyang'ana m'denga. Misomali ili mbuu, yopanda kanthu, uliwonse uli ndi kadontho ka oyilo pansi pake. Pa wa kumapeto pokha ndi pomwe pakulendewera chikwanje chimodzi, chakuthwa, cha Gomezgani. Mwini wake sanabwere kudzadzitengera, ndipo Tumpale akukanabe kukachitenga. Akuti anawayankha kale bambo ake, ndipo sangasinthe mawu poti iwo sangamvenso. Tsiku lotseka geti mwamuna wake adzapita pamalire paja ali ndi kiyi yekha m'manja.